Ku Joni mpaka ku Thyolo pa Corolla yanu mu Disembala: patulani masiku atatu, chepetsani katundu

Bambo wina wa ku Thyolo amene akugwira ntchito ku South Africa, ndipo amakhala ku Tembisa, wanditumizira imelo. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Ndinagula Toyota Corolla Quest ya 2016, yayenda makilomita 190,000 ndipo ngongole yake ndikubwezabe ku banki. Zaka zonsezi kumudzi ndimapita pa basi, koma Khirisimasi ino ndikufuna kupita pa galimoto yangayi ndi mayi a kunyumba, ana athu awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 3, onse obadwira konkuno, komanso mlamu wanga amene sadziwa kuyendetsa. Anzanga akuti ndikanyamuka Lachisanu madzulo poweruka, Lamulungu m'mawa ndidzakhala ndikumwa tiyi kwathu. Kodi pa galimotoyi ndikonzetse chiyani, nanga pa boda amafuna chiyani?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Za galimoto ndi za mapepala ndiyankha, koma poyamba ndikukhumudwitseni pang'ono: mawu a anzanuwo muwataye. Corolla ya makilomita 190,000 imene yakhala ikuonana ndi makaniko nthawi yake ikakwana ikhoza kukafika ku Thyolo ndi kubwerako osakuvutitsani. Zimene zimagwetsa anthu mumsewu umenewu mwezi wa Disembala ndi tulo ndi katundu, ndipo ziwiri zonsezi mumazisankha nokha musanalize n'komwe injini.

Pa basi mtunda suoneka, chifukwa umagona ku Polokwane n'kudzidzimuka pa boda. Tiyeni tiuwerenge. Kuchoka ku Tembisa kukafika pa Beitbridge mumsewu wa N1, kudzera ku Pretoria, Polokwane, Louis Trichardt ndi Musina, ndi makilomita opitirira pang'ono 500. Beitbridge mpaka Harare kudzera ku Masvingo ndi Chivhu ndi pafupifupi 580. Harare mpaka Nyamapanda kudzera ku Mutoko, pafupifupi 240. Kenako mumadula Mozambique, Cuchamano, Changara, Tete, Moatize mpaka pa Zobue, makilomita cha m'ma 270. Mukatuluka pa Mwanza kwatsala 100 kuti mulowe mu Blantyre, ndi ena oposa 40 kudzera ku Limbe ndi Bvumbwe. Kuphatikiza zonse tikuyandikira 1,750. Pakati pake pali maboda atatu, ndipo pa boda iliyonse mumaonana ndi maofesi a maiko awiri, kudinditsa anthu padera, galimoto padera. Basi imene mumakwera ija imakhala ndi madalaivala awiri osinthana. Inu muli nokha.

Tsono taganizirani Lachisanu limenelo. Mwadzuka 5 koloko m'mawa, mwagwira ntchito tsiku lonse, mwathamangathamanga kulongeza, mwanyamuka 6 koloko madzulo. Ofufuza a ku Australia anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti munthu akakhala maso maola 17, mutu ndi manja ake zimachedwa mofanana ndi munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 m'magazi, womwe ndi mlingo umene apolisi a ku South Africa amamangira dalaivala. Maola anu 17 adzakwana 10 koloko usiku, mutangodutsa kumene Polokwane, kutsogolo kuli phiri la Soutpansberg ndi makhotakhota ake. Ndipo kuwodzera kwa pa chiwongolero sikupempha. Maso amatseka masekondi awiri kapena atatu mwini wake osadziwa. Pa liwiro la 120 galimoto imayenda mamita 33 pa sekondi imodzi, ndiye masekondi atatu ndi mamita 100 mukuyenda opanda woyendetsa. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zimangokankhira tulo kutsogolo pang'ono. Kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthandiza kanthu. Mankhwala ake ndi kugona basi.

Ine ndikanakhala inu ndikanagona kunyumba Lachisanulo, n'kunyamuka Loweruka kukungoyera kumene, n'kukagona ku Musina kapena ku Louis Trichardt. Limenelo ndi tsiku lofewa dala, loti muimve galimoto mmene ikuyendera ndi katundu mudakali m'dziko limene masipeya a Toyota ali paliponse ndipo kampani yanu ya inshuwalansi ikhoza kukutumizirani chokokera. Tsiku lachiwiri muwoloke Limpopo m'bandakucha. Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo mbali ya Zimbabwe anaimanganso, magalimoto ang'onoang'ono ali ndi malo awoawo osiyana ndi mabasi ndi mathiraki. Mukatuluka msanga mukagone ku Harare. Boda ikakudyerani theka la tsiku, Masvingo ndi pokwanira, musakakamire. Tsiku lachitatu ndilo lolemetsa: makilomita opitirira 600 ndi maboda awiri. Mukaona kuti pofika ku Tete dzuwa lapendeka, gonani ku Tete komweko, mumalize mawa lake. Choncho patulani masiku atatu, koma m'thumba mukhale ndalama ya usiku winanso wachinayi. Maola otsekera pa Nyamapanda ndi pa Zobue muwafunse kwa madalaivala a mabasi kapena a mathiraki sabata yomwe mukunyamukayo, chifukwa kufika pa geti lotseka ndi ana awiri si zabwino.

Chimene ndikukanira usiku si tulo tokha. Pakati pa Beitbridge ndi Masvingo, cha ku Rutenga ndi Ngundu, abulu ndi ng'ombe zimaima pa phula penipeni, ndipo bulu wotuwa mumdima mumamuona mutamufika kale. Thiraki ikafa imangosiyidwa pomwepo yopanda nyali, chizindikiro chake n'kukhala nthambi zingapo zoyala mumsewu. Kuchoka ku Tete kupita ku Zobue kuli mathiraki ambiri ndi maenje amene masana mumawazemba mosavuta koma usiku amapinda limu ndi kung'amba tayala. Kwathu nako mukukudziwa: njinga zonyamula makala zopanda nyali, a kabaza, anthu oyenda m'mphepete mwa msewu atavala zakuda. Maiko onse anayi amayendetsa kumanzere ndipo wotchi yawo ndi imodzi, koma dzuwa silitsatira wotchi. Mu Disembala ku Johannesburg limalowa cha m'ma 7 koloko, pomwe ku Tete ndi ku Blantyre 6 koloko ikangopitirira pang'ono kwayamba kale kuda. Amene wazolowera madzulo a ku Joni amadzidzimuka nazo zimenezi.

Masana namonso muziima maola awiri alionse, mutsike, muyende pang'ono, ana atambasule miyendo. Nsima yambiri ya masana ndi kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi zikakumana, tulo ta 2 koloko masana timakhala toopsa chimodzimodzi ta usiku. Idyani mopepuka, mudzakhuta pogona. Alamu anuwo ngakhale sayendetsa muwapatse ntchito: akhale kutsogolo, asagone inu mukuyendetsa, asunge chikwama cha mapepala, ndipo pa boda atsale pa galimoto inu mukalowa m'maofesi.

Za tsiku lonyamuka: makampani ambiri a zomangamanga ndi mafakitale ku South Africa amatseka cha pa 15 kapena 16 Disembala, ndipo kuyambira pamenepo mpaka pa 24 aliyense wa ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia amakhala akuthamangira pa mlatho umodzi womwewo. Ngati abwana angakuloleni kunyamuka masiku ochepa zisanatero, kapena pakati pa sabata, mwapulumutsa maola ambiri.

Tsopano katundu, amene mu imelo yanu simunamutchule koma tonse tikudziwa kuti alipo. Mafuta ophikira a malita 20, shuga, sopo, mabulangete, wailesi ya kanema ya amayi, sola ndi batire lake, ndi katundu wa anzanu wa "mungondisiyirako pa Lunzu". Pitani pa galasi lakutsogolo muwerenge disiki ya laisensi ya galimoto yanu. Pali manambala awiri, Tare ndi GVM. Loyambalo ndi kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, lachiwirilo ndi malire a kulemera kwake itanyamula zonse. Mukachotsera, chotsalacho ndicho mungakweze, anthu ndi katundu pamodzi. Pa galimoto za msinkhu wa Corolla chimakhala cha m'ma 400 mpaka 500 kg. Akuluakulu atatu ndi ana awiri mwadya kale 250 kapena kuposerapo, mafuta odzaza thanki ena 40. Chotsalira katundu ndi masutikesi anu, madzi akumwa, zida za galimoto ndi timphatso tochepa. Zatha pamenepo.

Mumaziona galimoto zija pa N1 zitakhala ngati bakha, kumbuyo kuli pansi, mphuno m'mwamba. Galimoto ikatero, matayala akutsogolo amene mumakhotera nawo sagwira bwino msewu, nyali zimaloza kumwamba n'kumathobwa anzanu m'maso, mabuleki amafuna mtunda wautali kuti muime, ndipo potsetsereka pa Soutpansberg amatentha mpaka kununkha. Choopsa kwambiri chili m'matayala akumbuyo. Tayala lolemedwa limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumabala kutentha, ndipo mukaphatikiza ndi phula la ku Musina kapena ku Tete, kumene nyengo ino kutentha kumafika madigiri 40, ndi pamene mumamva kuti tayala linangophulika lokha. Silinaphulike lokha, linapsa. Malangizo anga ndi osavuta ngakhale ndi owawa: katundu wolemera mutumize pa basi kapena kwa ma transporter sabata ziwiri musananyamuke, mukamupeze ku Blantyre. Mudzalipira, inde, koma ndalama yake siifika pa mtengo wa mashoko, matayala awiri ndi chokokera m'dziko la eni. Zoika padenga ndi zokoka ngolo pa ulendo wanu woyamba zisiyeni. Ngolo imafuna mapepala akeake pa boda iliyonse, imamwetsa mafuta, ndipo ma bearing ake ndi amene amakonda kufa pakati pa tchire. Komanso katundu wambiri watsopano amakuchedwetsani: a kasitomu ku Zimbabwe adzafuna kudziwa ngati akungodutsa, a MRA pa Mwanza adzafuna msonkho wake. Malisiti a chilichonse chatsopano asungeni.

Galimotoyo ipite ku galaja sabata ziwiri kapena zitatu musananyamuke, osati dzulo lake. Zolakwika za pambuyo pa sevisi, monga fyuluta yosamangitsa kapena paipi yosabwezera bwino, zimaonekera m'masiku oyambirira, ndipo ndi bwino zikuonekereni popita ku ntchito ku Kempton Park kusiyana ndi ku Changara. Makaniko mumuuze mosabisa kumene mukupita. Oyilo ndi mafyuluta ndi zodziwikiratu. Chimene ndikufuna achiyang'ane modekha ndi njira yonse ya madzi oziziritsa injini: redieta, chitsekerero chake, mapaipi a labala ngati afewa kapena kutupa, fani ngati ikuyaka nthawi yake, ndi water pump ngati yayamba kudontha kapena kulira. Pa makilomita 190,000 ndi mbali imeneyi imene imakonda kukhumudwitsa. Injini ya 1.6 ya Quest ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa m'kati mwa injini wotchedwa cambelt, ndiye wina asakulipiritseni zosintha cambelt; lamba amene ayenera kuonedwa ndi wakunja uja woyendetsa alternator, ndipo mukamusintha, wakaleyo muponye m'buti akhale wapadera. Aone mapadi a mabuleki, ndipo ngati brake fluid watha zaka ziwiri osasinthidwa amusinthe, chifukwa amayamwa chinyezi ndipo akatentha potsetsereka buleki imangolowa pansi. Batire ya zaka zopitirira zitatu aiyeze. Mashoko, ma ball joint ndi alignment aone. Mawayipa gulani atsopano, ndi otchipa, ndipo mukupita kukakumana ndi mvula. Eyakoni ikhale yogwira. Kwa mwana wa zaka 3 mu Tete masana, si zamanyado.

Matayala ndiwo ndingakuuzeni kuti musaumire ndalama. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa: 3519 ndiye kuti sabata ya 35 ya 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya, labala wake wauma, ndipo mukayang'anitsitsa mudzaona timing'alu. M'mizeremo muli timabampu tosonyeza 1.6 mm; tayala likatha kufika pamenepo latheratu, koma pa ulendo wa mvula musadikire kuti lifike pamenepo, chifukwa mizere yosazama siitha kuchotsa madzi ndipo galimoto imayamba kuyandama. Lotupa m'mbali lichotseni lero. Mpweya wake muwerenge pa kapepala komata pa chitseko cha dalaivala, pamene pali muyeso wa galimoto yodzaza, ndipo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Mukayeza masana n'kupeza wakwera, musaphwetse, ndi mmene zimakhalira. Sipeya muitsitse, muione, muipope. Ngati ndi kaja kakang'ono kongofikira pafupi, sikaloledwa kupitirira 80 pa ola ndipo sikoyenera mtunda ngati wa Nyamapanda mpaka Tete; pezani ya saizi yonse. Jeke ndi sipanala muziyese pakhomo, mumasule wilo imodzi ndi manja anu, chifukwa manati omangidwa ndi mfuti ya ku galaja ambiri amawazindikira ali kale m'tchire kuti samasuka. Ngati muli ndi ma lock nut, kiyi wake adziwike pamene ali.

M'buti muikemo oyilo lita imodzi, madzi malita asanu a galimoto osiyana ndi akumwa, mafyuzi, mababu, ma jumper, tochi, chingwe chokokera, kapampu koyendera magetsi a galimoto ndi zomatira pankchala. Zimenezi pamodzi ndi sipeya zikhale pofikirika, osati pansi pa masutikesi onse. Muvi wa kutentha ukayamba kukwera, zimitsani eyakoni, patukani pamalo abwino, dikirani. Chitsekerero cha redieta musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amathovoka n'kuwotcha nkhope.

Pali zina zimene apolisi a m'njira amafunsa, ndipo kuzigula ku Joni n'kotchipa kuposa kulipira chindapusa. Ku Zimbabwe amafuna ma triangle awiri, chozimitsira moto chimene sichinathe nthawi, sipeya, jeke ndi sipanala, ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Ku Mozambique amafuna ma triangle awiri ndi vesiti yonyezimira, ndipo ikhale m'kati mwa galimoto pamene mungaitenge musanatsike. Gulani mavesiti awiri. Kumbuyo mumate sitika ya ZA. Aliyense amange lamba, akumbuyo omwe, ndipo wamng'onoyo akhale pa mpando wake wa ana, osati pamiyendo pa mayi ake. Pa ngozi palibe mikono imene ingagwire mwana.

Mapepala muyambe lero, chifukwa pali awiri amene angathe kulepheretsa ulendo wonse. Loyamba ndi kalata ya ku banki. Popeza ngongole simunamalize, mwini galimoto pa pepala ndi banki, ndipo satifiketi yeniyeni ya galimotoyo, imene kwathu timati bulubuku, ali nayo ndi iwo. Muwapemphe kalata yokulolani kuitulutsa m'dziko, yotchula maiko onse atatu, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi, ndi masiku onyamuka ndi obwerera, pamodzi ndi kope ya satifiketiyo yodindidwa. Pa masiku obwererawo muwonjezerepo sabata. Banki kawirikawiri imafuna kaye kalata ya kampani yanu ya inshuwalansi yotsimikiza kuti galimoto ndi yotetezedwa m'maiko amenewo, ndiye yambirani kumeneko, ndipo muwafunse kuti itawonongeka ku Mozambique woibweza ku South Africa ndi ndani. Lachiwiri ndi mapasipoti a ana. Kubadwira ku South Africa sikupangitsa mwana wa makolo a ku Malawi kukhala nzika ya kumeneko. Mwana aliyense akufunika pasipoti yake, ndipo ngati alibe, pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg msanga, si zinthu za sabata imodzi. Munyamulenso zikalata zawo za kubadwa zosonyeza maina a makolo onse awiri. Mapasipoti a nonse akhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala ndi masamba opanda kanthu okwanira, chifukwa kupita ndi kubwera zidindo zake ndi zambiri. Ndipo muyang'ane ma permit okhalira ku South Africa a nonse, anu, a mayi ndi a alamu. Kutuluka mu South Africa masiku atapitirira kumachititsa kuti munthu aletsedwe kulowanso, ndipo ngati woletsedwayo ndi inu, galimoto ya banki yatsala kunja yopanda woibweza.

Disiki ya galimoto ndi laisensi yanu zisathe muli m'njira. Pa boda iliyonse yolowera, galimoto imapatsidwa chilolezo cholowa mongoyembekezera, TIP, ndipo mumagula inshuwalansi ya third party ya dzikolo. Ku Zimbabwe amene amapereka TIP ndi a ZIMRA, bungwe lawo la msonkho, ndipo mukhoza kulembetseratu pa intaneti musanafike. Pamenepo palinso carbon tax ndi ndalama zina zolowera. Yellow Card, inshuwalansi ya third party ya m'maiko a bungwe la COMESA, imagwira ku Zimbabwe ndi ku Malawi, koma Mozambique siili mu COMESA, choncho pa Cuchamano mudzagulabe yawo. Pa Mwanza TIP mudzatenga kwa a MRA, ndipo mukhale ndi umboni woti mumakhaladi ndi kugwira ntchito ku South Africa. Pepala limeneli lili ndi tsiku lothera, ndipo potuluka amalifuna. Zonsezi mupange makope awiriawiri odindidwa ku polisi, muzijambulenso pa foni.

Mukangoimika galimoto pa boda adzakuzungulirani madobadoba, ena atavala mabaji ooneka ngati a boma. Pasipoti ndi mapepala a galimoto musapatse munthu amene sali kuseri kwa kauntala. Mzere ukhoza kutalika, koma zonse mukhoza kuchita nokha, ndipo pa ndalama iliyonse imene mwalipira mutenge lisiti. Pa marodibuloko chimodzimodzi: tsitsani galasi, perekani moni, onetsani zimene afunsa. Ku Mozambique polowa m'mudzi kapena m'tauni liwiro limatsika kufika pa 60, ndipo apolisi amakonda kuima pafupi ndi chikwangwani chomwecho. Ngati mwalakwadi, lipirani chindapusa cholembedwa. Chipwitikizi chisakuopseni, "bom dia" ndi ulemu zimakwanira, ndipo Chinyungwe cha ku Tete mudzachimva ndithu, pofika ku Zobue n'kumangoyankhula Chichewa.

Ndalama mugawe m'mitundu inayi. Marandi kapena khadi pa ma toll gate a N1, omwe ndi Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn ndi Baobab. Madola a ku America ang'onoang'ono, a 1, 5 ndi 10, osang'ambika, a pa boda, ma toll gate ndi mafuta ku Zimbabwe, chifukwa chenji chimavuta. Ma metical ochepa a pa mlatho wa Zambezi ndi mafuta ku Tete. Makwacha a tsiku loyamba. Musaike zonse m'chikwama chimodzi, zina asunge mayi. Ma toll gate a kwathu, Chingeni ndi Kalinyeke, simudzawadutsa pokhapokha mutaganiza zokaona abale ku Lilongwe.

Mafuta werengerani malita 8 pa makilomita 100 alionse popeza mwalemedwa ndipo eyakoni ikuyaka, ndiye kuti malita 140 kapena 150 ulendo umodzi. Lamulo lake ndi lakuti thanki ikafika theka, thirani pamene mwapeza. Dzazani ku Musina, Masvingo, Harare, ndipo makamaka ku Tete kapena Moatize musanalowe m'Malawi, chifukwa m'zaka zapitazi mafuta kwathu akhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo simukufuna kuti tsiku lanu loyamba kumudzi lithere pamzere wa pa filling station. Petulo wa m'zigubu m'galimoto muli ana, ayi. Mapu a njira yonse muwatsitsiretu pa foni kuti azigwira popanda netiweki, ndipo wachibale mmodzi adziwe pamene mukugona usiku uliwonse. Nkhani za ku Mozambique muzimvetsera sabata yonyamukayo; chisankho cha mu Okutobala 2024 chitachitika, zionetsero zinatseka misewu kwa kanthawi ndipo apaulendo ambiri anavutika. Zikatero njira ina ilipo, ya ku Botswana kudzera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, Lusaka, Chipata n'kulowera pa Mchinji, koma kwa munthu wa ku Thyolo ndi yozungulira kwambiri.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma sindingachisiye: malungo. Ku Johannesburg kulibe malungo. Ana anuwo matupi awo sanakumanepo nawo, ndipo inu ndi mayi, pokhala zaka kunja, chitetezo chimene munakula nacho chinatsika. Mukupita nthawi ya mvula, udzudzu uli pachimake, ndipo mugona m'malo otentha ngati Tete. Pitani ku kiliniki kapena ku famase sabata ziwiri musananyamuke, munene kumene mukupita ndi zaka za ana, akupatseni mankhwala oteteza oyenera aliyense, chifukwa ena amayambidwa ulendo usanayambe ndipo amapitirizidwa mutabwerako. Masikito munyamule anuanu, musadalire a kumudzi. Mwana akatentha thupi, kukayezetsa tsiku lomwelo. Mukabwerera ku Tembisa wina n'kudwala, ngakhale patapita sabata zingapo, muuzeni dokotala kuti munali ku Malawi, chifukwa kumeneko ambiri amayamba kuganiza za chimfine. Madzi akumwa m'njira akhale a m'botolo kapena owiritsa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikuukumbukira. Mapaketi a ORS, panado wa ana ndi mabandeji zikhale m'kachikwama kapafupi.

Mvula ikatsika yamphamvu moti simukuona bwino, chepetsani liwiro, yatsani nyali, ndipo ikanyanya patukani kutali ndi msewu. Madzi oyenda pamwamba pa mlatho musawayese ngakhale thiraki itawoloka inu mukuona. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize, njira yanu yomweyi, ndipo Januwale ndi mwezi umene mudzakhala mukubwerera. Kumudzi nako, ngati kwanu ndi kotsika phula n'kulowa m'misewu ya dothi lofiira la ku Thyolo, Corolla ndi yotsika. Mvula ikagwa, isiyeni kwa wachibale kapena pamalo otetezeka pa trading centre, mumalize pa njinga yamoto.

Mukafika, galimotoyo idzakhala ya mudzi wonse: wodwala wa ku chipatala, maliro, chinkhoswe, ndi mphwanu amene akuti ali ndi laisensi. Kuthandiza thandizani, koma woyendetsa mukhale inu, chifukwa TIP, kalata ya banki ndi inshuwalansi zili m'dzina lanu. Kuigulitsa kapena kuisiya kumudzi musayerekeze n'komwe. Ndi ya banki, ndipo a MRA analemba kuti idzatuluka. Masiku awiri musanabwerere muonenso oyilo, madzi, mpweya wa matayala onse asanu ndi tsiku lothera TIP. Pobwerera patulaninso masiku atatu omwewo, podziwa kuti sabata yoyamba ya Januwale mzere wa pa Beitbridge umakhala wolowera ku South Africa. Ndipo amayi akayamba kulongeza ufa, nyemba, mtedza, usipa ndi nkhuku, akumbutseni za nambala ya pa disiki ija, muwauzenso kuti South Africa siilola zomera, nyama ndi zakudya zambiri za kumunda kulowa popanda chilolezo, moti zina zidzangotsala pa boda.